Abwerera ukwati, mzinda ndi banyira: mmene mungawayendetsere alendo anu

Pa ukwati uliwonse wochitikira mumzinda waukulu sipalephera kupezeka munthu mmodzi amene amauzidwa kuti, "Iwe kuno ukukudziwa, alendo aja ukawaonetseko malo." Nthawi zina amakhala mng'ono wake wa mkwatibwi, nthawi zina msuweni, kapena mnzake wa mkwati amene ali ndi galimoto. Ngati ulendo uno chala chaloza inu, khalani pansi tikambirane. Ine ntchito imeneyi yandigwerapo katatu, ndipo ulendo woyamba ndinachita nayo manyazi.

Linali Lachisanu, ukwati uli mawa lake. Ndinatenga anthu 11 n'kuwazungulitsa malo asanu, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndikudziona ngati katswiri. Azakhali ake a mkwati anali atavala nsapato zatsopano zimene anagulira ukwatiwo, ati kuti zifeweretu. Madzulo ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda, chidendene chilichonse chili ndi thuza lalikulu ngati ndalama yachitsulo. Mawa lake anthu akuvina, iwo anali pampando, nsapato atazivulira pansi pa tebulo. Atandiona anangoti, "Mwana wanga, mzinda wako ndauona. Koma ukwati wa mwana wa mlongo wanga ndangouonerera."

Mawu amenewo ndi amene ndimayendera mpaka lero. Chimene chawayendetsa anthuwa mtunda wonsewo ndi ukwati. Mzinda ndi banyira chabe, ndipo zonse zili m'munsimu zachokera pamenepo.

1. Yambani ndi pepala la ukwati, malo abwere pambuyo

Ambirife timayamba n'kulemba malo otchuka, kenako n'kumafunafuna poti tiwapanikizire. Tembenuzani zimenezo. Tengani ndondomeko ya ukwati, mulembe masiku onse kuyambira pamene mlendo woyamba afike mpaka pamene womaliza anyamuke, ndipo mudetse maola onse amene ali kale ndi mwini wake: kuyeserera kwa operekeza, kukonzetsa tsitsi, kusita zovala, kukumana kwa mabanja awiri, mwambo weniweniwo, zithunzi, phwando. Potsala poyera ndiye panu. Mudabwa kuona kuchepa kwake. Munthu amene wabwera kwa masiku anayi kawirikawiri amatsala ndi tizidutswa tiwiri kapena titatu ta maola ochepa.

Tsiku lofika musaliwerengere. Ndege zimachedwa, zikwama zimasochera, ndipo mahotela ambiri salowetsa anthu m'zipinda mpaka cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana. Amene wachokera kudziko losiyana nthawi ndi maola angapo ali ndi vuto linanso: thupi lake likadayendera wotchi yakwawo. Madokotala amayerekezera kuti thupi limafuna pafupifupi tsiku limodzi pa ola lililonse la kusiyanako, ndipo wolowera kum'mawa amavutika kuposa wolowera kumadzulo. Munthu wotereyu mukamulowetsa mu holo yamdima agona chokhala. Mutengeni ayende pang'ono panja kukadawala, chifukwa kuwala kwa dzuwa n'kumene kumathandiza thupi kusintha wotchi yake. Akatero adye, akagone.

Tsiku loti ukwati ndi mawa, yendani m'mawa mokha, ndipo 3 koloko ikamakwana aliyense akhale atabwerera. Tsiku la ukwati lenilenilo palibe ulendo. Papezeka wina, kawirikawiri amalume, wonena kuti, "Mwambo ndi 2 koloko, tingothamangirako kunsanja ija n'kubwerako." Akanizeni mwaulemu, koma muwakanize ndithu. Tsiku lokoma ndi lotsatira ukwati, mitima itakhala pansi, bola musanyamuke 10 koloko isanakwane. Ovina usiku sadzuka m'mamawa.

2. Dziwani miyendo ndi matumba a anthu anu

Tsegulani gulu la pa WhatsApp la alendo okhaokha, akwati asakhalemo, mufunse zinthu ziwiri: mufika liti n'kunyamuka liti, ndiponso ndi chinthu chimodzi chiti chimene mungadandaule mutabwerera musanachione. Chimodzi basi. Mukawapatsa mpata wotchula zambiri mulandira mndandanda wa mwezi wathunthu.

Pali mafunso ena awiri amene safunsidwa pagulu. Loyamba ndi la miyendo. Munthu wamkulu sanganene pamaso pa apongozi ake kuti bondo limamuvuta, kapena kuti amafuna chimbudzi pafupipafupi. Muwaimbire paokha, apo ayi funsani mwana wawo: "Kodi amayi amatha kuyenda mphindi 20 osapuma? Nanga masitepe amakwera?" Lachiwiri ndi la ndalama. Munthuyu walipira kale ulendo, malo ogona, zovala ndi mphatso. Mukamuimika pamzere wa matikiti odula anzake akutulutsa makhadi, alipira poopa manyazi, koma abwerera kwawo ndi ngongole. Njira yake n'kulemberatu pambali pa malo alionse ngati ndi olipira kapena aulere, munthu asankhe ali yekha m'chipinda mwake. Ulendo waukulu wa onse ukhale wa kumalo aulere kapena otchipa. Zodula zikhale za ofuna okha.

Mayankho akabwera muona kuti alendo anu si gulu limodzi. Pali agogo ndi ena oyenda pang'onopang'ono. Pali makolo a ana aang'ono, amene tsiku lawo limalamulidwa ndi tulo ta masana. Pali achinyamata ofuna kutuluka usiku, ndiye pali uja anakhalapo mumzindawu kalekale, amene akungofuna kukaona anzake. Musawamangire chingwe chimodzi. Gulu likapitirira anthu 8 limavuta: silikwana m'takisi ziwiri, silipeza tebulo limodzi, ndipo pamaloboti alionse theka limawoloka theka n'kutsala.

3. Yezani mtunda ndi mphindi

Pa Google Maps kapena mapu ena alionse ikani zizindikiro zitatu: kumene alendo akugona, kumene kuchitikire mwambo, ndi kumene kukhale phwando. Malo okaona muwasankhe poyang'ana zizindikiro zimenezi. Lamulo langa ndi lakuti ukwati usanachitike, palibe kupita kumalo opitirira mphindi 30 kuchokera kuhotela.

Ndati mphindi dala, chifukwa mumzinda waukulu makilomita amanama. Makilomita 5 akhoza kukhala mphindi 10 Lamlungu m'mawa, n'kukhala ola lathunthu Lachisanu madzulo anthu akuweruka. Mapu a pafoni amalola kusankha tsiku ndi ola lonyamukira, choncho musayeze usiku muli pabedi, misewu ili pululu. Poyenda pansi, nthawi imene mapu amapereka ndi ya munthu mmodzi wamphamvu, woyenda pafupifupi makilomita 5 pa ola osaima. Gulu lokhala ndi agogo, mwana wa zaka zinayi ndi msuweni wojambula nyumba iliyonse, muliwerengere nthawi imeneyo kawiri.

Yang'anitsitsaninso mitsinje. Malo ooneka pafupi koma ali kutsidya ndi msampha, chifukwa magalimoto onse amakathithikana pamlatho womwewo.

4. Chachikulu chimodzi, tating'ono tiwiri

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pa kadutswa kalikonse ka nthawi sankhani chinthu chachikulu chimodzi, ndipo pafupi pake pakhale tina tiwiri tating'ono toti mukhoza kutisiya popanda wodandaula. Nanga chachikulucho chikhale chotani?

Kwa munthu amene sanapondemo mumzindamo, yambani ndi pamwamba. Nsanja, phiri kapena denga la nyumba yaitali limamuonetsa mzinda wonse pa ola limodzi, ndipo akatsika amakhala akudziwa kumene kuli mtsinje, kumene kuli hotela yake ndi kumene kukachitikire ukwati. Koma nsanja yotchukitsitsa ndiyo imakhalanso ndi mzere wautali, ndiye ili ndi chilema china: ukakwera Eiffel Tower ku Paris, chinthu chimodzi chimene suchiona ndi Eiffel Tower yomweyo. Funsani kumene eni mzinda amakwera. Ku Tokyo, nyumba ya boma la mzindawo ku Shinjuku ili ndi poonera pamtunda wa mamita 202, ndipo salipiritsa. Ku London kuli Sky Garden, nayonso yaulere, kungoti pamafunika kusungitsiratu malo pa intaneti.

Ngati mzindawo uli ndi madzi, mwapeza mwayi. Palibe chimene chimakomera gulu losakanikirana ngati boti. Agogo amakhala pansi, ana amathamangira kukaona mafunde, achinyamata amajambula, mzinda ukudutsa wokha pamaso pa onse. Ndipo sikuti mpaka likhale boti la alendo lodula lija. Maboti onyamula anthu opita kuntchito amadutsa m'madzi omwewo. Ku New York, boti lopita ku Staten Island ndi laulere, limatenga mphindi pafupifupi 25 kuti liwoloke, ndipo limadutsa poti chipilala chotchuka cha Statue of Liberty chimaoneka bwinobwino. Ku Istanbul maboti wamba amawoloka Bosphorus tsiku lonse, kuchoka mbali ya Ulaya kupita mbali ya Asia. Azakhali aja, pa ukwati wachiwiri, ndinangowakweza boti basi. Anakhala pawindo, chikwama chili pamiyendo, ndipo titawoloka anandifunsa ngati n'kololedwa kubwereranso osatsika.

Kumene kulibe madzi, basi zosanjikiza zozungulitsa alendo zimagwira ntchito yofananayo. Ine ndimati kwerani muzungulire ulendo wonse osatsika. Kutsikatsika n'kumene kumadya nthawi, chifukwa basi yotsatira ikhoza kubwera yodzaza. Kumbukirani kuti pamwamba pamafunika kukwera masitepe opapatiza, ndiponso palibe mthunzi.

Tsopano za nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zojambula, zimene ena amati myuziyamu. Apa m'pamene anthu ambiri amathera miyendo osazindikira. British Museum ya ku London ili ndi zinthu pafupifupi 8 miliyoni, ngakhale kuti zoonetsedwa ndi gawo lochepa chabe. Louvre ya ku Paris imaonetsa zinthu pafupifupi 35,000. Palibe munthu angazione tsiku limodzi, ndipo woyesa amatuluka mutu uli balala, msana ukupweteka. Kutopa kumeneku n'kodziwika kuyambira kale: Benjamin Ives Gilman, wa ku Museum of Fine Arts ku Boston, analemba za iko mu 1916, poona mmene anthu ankaweramira ndi kunyutuka kuti aone zinthu zoikidwa pansi kwambiri kapena pamwamba. Kuyenda pang'onopang'ono, kuimaima pa simenti yolimba, kumatopetsa kuposa kuyenda mwandawala mumsewu. Choncho musanalowe sankhanitu zinthu zisanu, muone pamapu a nyumbayo pamene zili, mupite molunjika, ndipo pakatha ola limodzi ndi theka tulukani ngakhale wina akudandaula. N'chifukwa chake ndimakonda nyumba zolowa ulere, monga British Museum ndi National Gallery ku London, kapena za Smithsonian ku Washington. Mwana akayamba kulira patangotha mphindi 40, mumatuluka mtima uli m'malo, popanda kuwerengera ndalama zimene zalowa m'madzi.

Malo ena ndi olemera pamtima. Apartheid Museum ku Johannesburg, nyumba ya ku Amsterdam imene Anne Frank, mtsikana wachiyuda, anabisalamo pothawa Anazi, kapena chikumbutso cha amene anafa pa 11 September 2001 ku New York, ndi malo oyenera kuwaona, koma munthu satulukamo ali ndi mtima wovina. Asiyireni tsiku la pambuyo pa ukwati, ndipo muuziretu anthu chimene akukaona, makamaka amene ali ndi ana.

Paki ndi mpumulo wa makolo. Mwana amene wakhala maola ambiri m'ndege ndiponso mawa akhala chete pamwambo amafuna pothamanga, osati zithunzi za mafumu akale. Paki zazikulu musazidutse zonse. Central Park ya ku New York ndi ya mahekitala 341, ndiye sankhani ngodya imodzi yokhala ndi mabenchi ndi chimbudzi pafupi. Mizinda ina ili ndi nyama zakutchire pakhomo penipeni, monga Nairobi, kumene malo osungira nyama ali makilomita pafupifupi 7 kuchokera pakati pa mzinda. Koma nyama zimaoneka bwino m'bandakucha, ndiye musaike ulendo wotero m'mawa wotsatira phwando pokhapokha mukufuna kupita nokha.

Chenjezo limodzi lalikulu: kulikonse kumene kubwerako kwake sikuli m'manja mwanu, kudikire ukwati uthe. Ku Cape Town, chikepe chokwera phiri la Table Mountain amachiimitsa mphepo ikakula, ndipo maboti opita ku Robben Island amalephereka nyanja ikavuta. Ulendo wa kuchilumbako umatenganso pafupifupi maola anayi. Chilumba, phiri, sitima yopita kunja kwa mzinda, zonsezi n'zokoma kwa munthu amene sakudikiridwa ndi aliyense. Ndipo pa ulendo uliwonse wa panja khalani ndi wina wa m'nyumba woti mulowereko mvula ikayamba.

Za kogula zinthu sindinena zambiri. Anthu afuna mphatso za otsala kwawo, ndipo mukapanda kuwapatsa nthawi yake aitenga okha pakati pa ulendo wina. Ikani msika kumapeto, muuze anthu ola ndi chipata chokumanirana, muwamasule.

5. Fufuzani tsiku lotseka, matikiti ndi zovala

Safunsa anadya phula. Malo otchuka ambiri ali ndi tsiku lopuma, ndipo si tsiku limodzimodzi kulikonse. Nyumba zambiri za zinthu zakale zimatseka Lolemba, lomwe ndi tsiku limene alendo a ukwati wa Loweruka amakhala akadalipo. Ku Paris, Musée d'Orsay imatseka Lolemba pamene Louvre imatseka Lachiwiri. Nyumba za zojambula za ku Vatican zimatseka Lamlungu, kupatula Lamlungu lomaliza la mwezi, pamene anthu amachita kupondana. Grand Bazaar, msika waukulu wa ku Istanbul, nawonso Lamlungu ndi wotseka. Onani pa tsamba la intaneti la eni malowo, osati pa zimene wina analemba zaka zitatu zapitazo, ndipo muonenso kachiwiri kutatsala sabata imodzi.

Malo ambiri masiku ano amagulitsa matikiti okhala ndi ola lolowera. Ku nyumba ya Anne Frank matikiti amagulidwa pa intaneti pokha, ndipo amatha kukadali masabata. Zengerezu analinda kwawukwawu, komanso kupupuluma kuli ndi vuto lake: tikiti ya ola lake ndi chingwe. Mukaphonya olalo, ndalama zapita. Gulani matikiti otere pa chinthu chimodzi chokha patsiku, musiye mpata wa ola lathunthu nthawi yolowerayo isanakwane, ndipo gulirani okhawo amene atsimikiza ndi kutumiza ndalama. Munthu wonena kuti "tiona" musamugulire. Samalaninso ndi masamba ofanana ndi a eni malo amene amagulitsa tikiti yomweyo mokweza mtengo.

Malo opembedzera ali ndi malamulo a kavalidwe. Ku tchalitchi cha St Peter's ku Vatican salowetsa munthu wa mapewa kapena mawondo apamtunda. M'mizikiti mumavula nsapato, amayi amafunda kumutu, ndipo nthawi ya mapemphero, makamaka Lachisanu masana, alendo amadikira panja. Kansalu kopepuka m'chikwama kamathetsa zambiri.

Funsaninso ngati mumzindamo muli chochitika chachikulu masiku amenewo. Mpikisano wothamanga umatseka misewu tsiku lonse: wa ku New York umachitika Lamlungu loyamba la November, wa ku London kawirikawiri mu April, wa ku Berlin chakumapeto kwa September. Mpira waukulu kapena chionetsero zimachitanso chimodzimodzi.

6. Yendani nokha kaye

Ngati mumakhala mumzindamo, pezani tsiku limodzi muyende njira yonseyo nokha, tsiku la sabata lofanana ndiponso ola lofanana. Muziyenda ngati muli ndi agogo kudzanja lamanja ndi mwana kudzanja lamanzere. Chimbudzi chili pati, ndipo n'cholipira? Benchi ili pati? Pasiteshoni pali chikepe, ndipo chikugwira ntchito? Sitima za pansi pa nthaka za m'mizinda yakale zinamangidwa kalekale, ya London mu 1863, ya Paris mu 1900, ya New York mu 1904, ndipo masiteshoni ambiri mpaka lero ndi a masitepe okhaokha. Kwa munthu woyendera ndodo kapena wa pa njinga ya olumala, basi kapena takisi imaposa sitima ngakhale ichedwe. Onaninso kodyera. Anthu 8 anjala ataima pamsewu n'kumakambirana kolowera ndi chiyambi cha mkangano, choncho sankhiranitu malo, ndipo ngati n'kotheka muwaimbire asunge tebulo.

7. Lembani tsamba limodzi

Limodzi, osati kabuku. Pamwamba pakhale dzina ndi adiresi ya hotela, adiresi ya malo a mwambo ndi a phwando, nambala yanu ya foni ndi ya munthu wina wachiwiri amene si mkwati kapena mkwatibwi, komanso nambala ya ngozi ya dzikolo: 112 m'mayiko a European Union, 999 ku Britain, 911 ku America ndi ku Canada. Pansi pake malo osapitirira asanu ndi limodzi, alionse ndi mizere iwiri yokha. Mwachitsanzo:

"Boti la pamtsinje. Mphindi 15 kuchokera kuhotela pa basi, muli mipando, n'lotchipa, lokomera aliyense. Tinyamuka pakhomo la hotela Lachisanu 9:30, tibwerako 1 koloko."

Onjezani mmene amalipirira basi ndi sitima mumzindamo, chifukwa m'mizinda ingapo, monga London, basi sizilandiranso ndalama zamanja. Tumizani tsambali pagulu lija, komanso musindikize mapepala angapo. Foni imatha moto, pepala silitha. Kwa achikulire ndimalemba adiresi ya hotela pa kakhadi kakang'ono koti kalowe m'thumba la malaya, m'chinenero cha mumzindamo, kuti akasochera angomuonetsa woyendetsa takisi.

Auzeni achinyamata akopere mapu a mzindawo m'foni akadali pa intaneti ya kuhotela. Mapu otere amaonetsa pamene munthu waima ngakhale alibe bandulo, ngakhale kuti njira za basi ndi sitima sawerengera popanda intaneti.

8. Tsiku la ulendo

Nenani nthawi yonyamukira yocheperako ndi mphindi 15 poyerekeza ndi yeniyeni, ndipo chinsinsicho chikhale chanu. Musananyamuke yang'anani kumapazi kwa aliyense. Wovala nsapato za ukwati abwerere akasinthe, ngakhale akhale apongozi. M'chikwama chanu mukhale madzi, mapulasitala a matuza, chotchajira foni ndi kachakudya koti mwana kapena wodwala shuga atafune.

Munthu mmodzi atsogole, wina atseke kumbuyo, ndipo wotsogola aziyendera liwiro la woyenda pang'onopang'ono kuposa onse. Werengani mitu ponyamuka paliponse. Pa sitima gwirizanani lamulo limodzi musanatsike masitepe, chifukwa zitseko sizidikira munthu: wotsala papulatifomu aime pomwepo osasuntha, amene alowa atsike pasiteshoni yotsatira, ndipo mmodzi yekha abwerere kukamutenga. Pansi pa nthaka netiweki imasowa, ndiye za "ndikuimbirani" sizithandiza. Ine ndinaonapo mlamu wanga ali kuseri kwa galasi la chitseko, pakamwa pali yasa, sitima ikumutenga yekha ife tonse titatsala. Tinamupeza patatha maola awiri chifukwa iye ankatifuna ife, ife tikumufuna iye, tikumangopingasana.

Pamalo podzaza anthu, chikwama chikhale kutsogolo ndipo foni isakhale m'thumba lakumbuyo. Opisa m'matumba amakonda polowera sitima ndi pamene anthu akuyang'ana m'mwamba. Pasipoti itsale kuhotela ngati malamulo a dzikolo akulola, munthu ayende ndi chithunzi chake, ndipo mphete kapena mikanda ya ukwati isatuluke n'komwe. Munthu wokumangirira kachingwe padzanja kapena wokupatsa duwa ati ndi mphatso, pamapeto pake afuna ndalama. Mungoti zikomo n'kumapita.

Ola lobwerera likakwana, bwererani, ngakhale chachitatu chija chili patsidya pa msewu pomwepo. Mukaona agogo ayamba kukhala chete, kapena akufunsa kuti "kwatsala patali?", dziwani kuti nthawi inakwana kale. Akwezeni takisi ndi munthu mmodzi wowaperekeza, enawo apitirize.

9. Akwati asiyeni, ndipo wosafuna musamukakamize

Mkwatibwi asalandire foni yofunsa nambala ya basi. Sabata imeneyo mutu wake uli ndi zokwanira. Nenani poyera pagulu kuti mafunso onse a mayendedwe abwere kwa inu. Ngati akwatiwo akufuna kuikapo dzanja, apempheni atchule malo awiri kapena atatu amene ali ndi mbiri yawo: paki imene anakumanirana, mlatho umene anafunsirana. Alendo amakondwa ndi benchi wamba imene ili ndi nkhani ya ana awo kuposa chipilala cha munthu amene sakumudziwa.

Ena safuna kutuluka n'komwe. Achemwali awiri amene sanaonane zaka 10 akhoza kusankha kukhala pakhonde la hotela tsiku lonse akucheza, ndipo mukawakokera kunsanja mwawalanda chimene anabwerera. Alekeni.

Tsiku lomaliza lili ndi msampha wake. Mahotela ambiri amatulutsa anthu m'zipinda cha m'ma 10 kapena 11 koloko m'mawa pamene ndege ndi yamadzulo, koma kawirikawiri amavomera kusunga zikwama mukapempha. Musazungulire mzinda mukukoka masutikesi, chifukwa malo ambiri olowera ndi tikiti sawalola. Werengani chobwerera m'mbuyo: maola atatu pabwalo la ndege ngati ulendo ndi wotuluka m'dziko, kuphatikiza nthawi ya pamsewu pa ola limenelo, kuphatikizanso yokatenga zikwama kuhotela. Chotsalacho chikakhala chosakwana maola awiri, khalani m'paki yapafupi basi. Womaliza akangolowa pachipata, lembani pagulu lija kuti aliyense atumize zithunzi zake sabata isanathe. Zikapitirira pamenepo zimafera m'mafoni, ndipo akwati, amene sanayende nanu, ndi amene adzazifunse.